Pa nkhani ya mankhwala, buku likhale limodzi

Ndinagwira ntchito yosunga katundu kwa zaka zisanu ndi chimodzi m'sitolo ina yaikulu ya zipangizo za ulimi kuno ku Ntcheu, m'mphepete mwa msewu wa M1. Kuseri kwa kauntala kunali chipinda chachikulu chofoleredwa ndi malata. Mbali ina tinkaunjika feteleza, wokulitsa ndi wobereketsa, matumba a makilogalamu 50 mpaka kulekeza m'mapewa. Mbali inayo kunkakhala makatoni a mankhwala a mbozi, a chiwawu cha mbatata ndi tomato, ndi opha udzu. Mu ofesi munali shelefu, ndipo pa shelefupo panali mafayilo anayi amene likulu la kampani linatitumizira. Ina inali ya ubwino wa katundu, ina ya kupewa ngozi, ina ya umoyo wa antchito, yotsiriza ya zachilengedwe. Fayilo iliyonse inali ndi bwana wake, ndipo bwana aliyense ankabwera tsiku lake, pa galimoto yake, ndi fomu yake.

Chaka china mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, ndinaona kuwala kukulowa pakona ya chipindacho. Lata linali litadooka. Aliyense amene anasungapo feteleza akudziwa kuti fumbi lake limadya chitsulo. Bwana wa ubwino wa katundu atabwera ndinamuonetsa. Anayang'ana m'mwamba n'kunena kuti, "Zimenezo muwauze a zokonzakonza, ine ndabwera kudzaona ngati mankhwala sanathe masiku." Bwana wa ngozi anawerenga zozimitsira moto, anawerenga majombo ndi magolovesi, n'kusainira. Wa zachilengedwe anafunsa kumene timataya makatoni. Onsewa anali anthu abwino, ogwira ntchito yawo mokhulupirika. Koma pa mafomu anayi aja panalibe mzere ngakhale umodzi wofunsa za denga. Ineyo ndinalemba nkhaniyo m'kope langa, sindinalimbikirenso, ndipo mlandu wa kusalimbikirako ndimausenzabe.

Tsiku lina mu Januwale mvula inachezera usiku wonse. M'mawa nditatsegula chitseko, fungo linandilasa m'mphuno, longa adyo wowola wosakaniza ndi palafini. Madzi anali atatsika pa lata lija n'kunyowetsa makatoni apansi. Katoni yonyowa siisenza inzake. Mulu wonse unapendekeka, mabotolo anagwa, awiri anasweka. Mapepala a pa mabotolo ena anali atamatuka, akuyandama m'madzi oyera ngati mkaka, ndipo madziwo anali atayenderera mpaka kunsi kwa matumba a urea.

Panja panali mzere wa alimi, pakuti inali nyengo yothira wobereketsa, ndipo tonse tinali piringupiringu. Mnyamata wina waganyu amene ankatithandiza kutsitsa matumba anatenga chiguduli n'kuyamba kukolopa, wopanda nsapato, manja ali choncho. Majombo ndi magolovesi zinalipo, zowerengedwa bwinobwino, koma zinali za antchito olembedwa ndipo zinali m'kabati yokiya. Madzi okolopawo anawakankhira ku khomo la kuseri, n'kulowa m'ngalande yotsetserekera ku madimba. Isanakwane 11 koloko anabwera kwa ine atagwira pamimba. "Amalume, mutu ukuzungulira, ndipo sindikuona bwino." Thukuta linali chuchuchu, malovu akungotuluka, kenako anayamba kusanza.

Tinathamangira naye kuchipatala pa kabaza. Funso loyamba la adokotala linali lakuti, "Bambo, mankhwala ake ndi ati? Botolo mwabwera nalo?" Ndinangoti kakasi. Mabotolo osweka tinali titataya, mapepala atasungunuka, ndipo pakona ija panali mitundu itatu ya mankhwala. Adokotala anamukanula m'maso, anaona kuti mwana wa diso wachepa ngati kansonga ka singano, n'kunena kuti ayenera kukhala mankhwala a gulu la organophosphate. Anamubaya atropine. Patapita masiku anachira. Akanakhala mankhwala a mtundu wina, osadziwika ndi maso chotero, bwenzi ndikulemba nkhani ina lero.

Tamvani tsono mmene nkhaniyi inalowera m'mafayilo. Mu ya ubwino wa katundu munalembedwa matumba a urea amene anauma gwa ngati mwala, ndi mabotolo opanda mapepala. Mu ya ngozi simunalembedwe kanthu, pakuti wovulalayo sanali pa mndandanda wa antchito. Ya umoyo inkafunsa za antchito amene ajomba chifukwa cha matenda, ndipo waganyu sajomba, amangosowa. Ya zachilengedwe inkadikira lipoti la pa miyezi itatu, ndipo pofika nthawiyo mvula inali itatsuka ngalande kalekale. Amene anawerenga mafayilowo ku likulu anangoona kuti sitolo yathu yaononga katundu pang'ono. Zakuti munthu anatsala pang'ono kufa, zakuti chiphe chinapita ku madimba kumene amayi amathirira kabichi, zakuti zonsezi zinachokera pa lata limodzi la mtengo wosafika thumba la feteleza, palibe pepala limene linanena.

N'chifukwa chake ndikunena kuti paliponse pamene pakupangidwa, kusungidwa kapena kugulitsidwa mankhwala, kaya ndi fakitale ya ku Kanengo kapena kashopu ka pa Lizulu, ndondomeko yoyang'anira ngozi, umoyo, chilengedwe ndi ubwino wa katundu ikhale imodzi, m'buku limodzi, ndipo pakhale munthu mmodzi woyankhapo. M'ntchito zina zinthu zinayizi zingathe kulekanitsidwa. Telala akasoka malaya opotoka, mwini malaya amadandaula koma mtsinje sukhudzidwa. Mankhwala sali choncho. Chimene chimaononga katundu, kaya ndi chinyezi, kutentha, chivindikiro chosatseka kapena pepala lomatuka, n'chomwechonso chimene chimaotcha khungu la wantchito ndi kupha achule m'dambo. Ukachigawa panayi, aliyense amaona kachidutswa kakang'ono kosaopsa, n'kusaina ndi mtima woyera.

Ena anena kuti za mafakitale a mankhwala zikutikhudza bwanji ife a ku Ntcheu ndi Dedza, kumene ntchito yathu ndi khasu. Ntchito ya fakitale siithera pa mpanda wake. Imathera pamene botolo latsegulidwa, ndipo mabotolo ambiri amatsegulidwa kuno, ku Tsangano, ku Bembeke, kwa Njolomole, kumene mbatata ndi tomato sizipulumuka chiwawu nyengo ya mvula ndi nkhungu popanda kupopera. Chilowereni ntchemberezandonda zachilendo zija m'nyengo ya 2016 ndi 2017, ngakhale mlimi wa chimanga amene sankaidziwa sipuleya anayamba kugula mankhwala. Mathiraki a feteleza ndi mafuta ochokera ku Beira amalowera pa chipata cha Dedza n'kudutsa pakati pa misika yathu. Mu Novembala 2016 thanki ya petulo yobwera kuno ku Malawi inaphulika pa Caphiridzange, m'chigawo cha Tete, n'kupha anthu oposa 70 amene anaizungulira kuti atunge mafuta.

Palinso dzina lina limene aliyense kuno amalidziwa, ndipo ambiri tinalimva pa maliro: tameki. Dzinali linachokera ku Temik, mankhwala a kampani ya ku America ya Union Carbide. Popanga Temik ankagwiritsa ntchito methyl isocyanate, mankhwala omwewo amene anapulula anthu ku Bhopal, m'dziko la India, usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Disembala 1984, pa fakitale ya nthambi ya kampani yomweyo. Madzi analowa m'thanki nambala 610 mmene munali matani pafupifupi 40 a mankhwalawo. Thanki inatentha, mpweya unatuluka n'kukuta makomo a anthu osauka amene anamanga pafupi ndi mpanda. Makina oziziritsa thankiyo anali atazimitsidwa miyezi ingapo m'mbuyomo. Chida chotsuka mpweya woipa sichinathandize, nsanja yootchera mpweya inali yosalumikizidwa chifukwa ankaikonza. Boma la Madhya Pradesh, chigawo chimene muli mzinda wa Bhopal, linavomereza imfa 3,787, ambiri amati omwalira anaposa pamenepo kutalitali, ndipo anthu oposa 500,000 anapuma mpweyawo. Madokotala a mumzindawo anavutika kudziwa chimene odwala apuma ndi mmene angawathandizire, monga mmene analili adokotala athu aja popanda botolo. Madzi a m'zitsime zozungulira malowo anaipa, ndipo zinyalala zokwana matani 337 zinachotsedwa pa fakitaleyo mu Januwale 2025, patapita zaka 40. Tandiuzani, ngozi imeneyi mungaiike m'fayilo iti? Wina aliyense akanatha kunena kuti mbali yaikulu si yake.

Ngozi ya ku Beirut, m'dziko la Lebanon, ili pafupi nafe kuposa mmene ambiri amaganizira. Sitima yotchedwa Rhosus inanyamuka ku Georgia mu 2013 itanyamula matani 2,750 a ammonium nitrate, ulendo wa ku Beira, doko lomwe lija timadalira. Siinafike. Inagwidwa ku Beirut, katunduyo anatsitsidwira m'nyumba yosungiramo katundu nambala 12 pa dokopo, n'kukhala mmenemo zaka zisanu ndi chimodzi. Akuluakulu a kasitomu analembera makhoti kangapo kuchenjeza. A doko ankadziwa, a chitetezo ankadziwa. Aliyense anali ndi pepala loonetsa kuti mbali yake anachita. Pa 4 Ogasiti 2020 moto unabuka m'nyumbamo, katunduyo anaphulika, anthu oposa 200 anafa, zikwi zinavulala. CAN amene timathira m'minda ndi ammonium nitrate wosakaniza ndi laimu. N'zoona kuti saphulika chisawawa ngati uja, koma safunika kuyandikana ndi dizilo, oyilo kapena moto. Talowani m'masitolo athu nthawi ya kuzimazima kwa magetsi, muone ngati jenereta ndi chigubu chake cha mafuta sizigona chipinda chimodzi ndi matumba.

Olemba miyezo ya dziko lonse, a bungwe lotchedwa ISO, nawonso anayamba ndi mafayilo osiyana. ISO 9001, ya ubwino wa katundu, inatuluka mu 1987. ISO 14001, ya zachilengedwe, mu 1996. ISO 45001, ya umoyo ndi chitetezo pa ntchito, inabwera mochedwa, mu 2018, kulowa m'malo mwa muyezo wakale wotchedwa OHSAS 18001. Kampani yofuna zonse inkalemba mabuku atatu, kuyenderedwa katatu ndi kulipira katatu. Mu 2012 bungwe la ISO linakhazikitsa zakuti miyezo yonse yamtunduwu izikhala ndi msana umodzi, mitu khumi yofanana, ndipo 9001 ndi 14001 zinalembedwanso motero mu 2015. Ukaziwerenga, mafunso ake ndi amodzi: mwini ntchito akutsogolera bwanji, chingalakwike n'chiyani, ndani waphunzitsidwa, mukuyeza bwanji, ndipo chikalakwika mumafufuza gwero lake kapena mumangokolopa. Dziko lathu lili m'bungweli kudzera ku Malawi Bureau of Standards. Kampani ya kuno imene ikusungabe mafayilo anayi osayankhulana ikuyenda m'njira imene eni ake anaisiya.

Mu ISO 45001 muli zinthu ziwiri zimene ndikanakonda ndikanazidziwa chaka chija. Choyamba n'chakuti wantchito ndi aliyense amene akugwira ntchito pansi pa ulamuliro wako, wolembedwa kapena waganyu, wa chaka chonse kapena wa nyengo, ndipo antchito wamba ayenera kufunsidwa maganizo pofufuza zoopsa. Mnyamata uja ankalidziwa lata lodookalo kuposa mabwana onse anayi, poti ndiye ankaunjika makatoni pansi pake. Palibe anamufunsapo. Chachiwiri ndi ndondomeko ya zimene uyenera kuyamba nazo. Uyambe wachotsa choopsacho. Zikakanika, usinthe ndi china chosaopsa kwambiri. Zikakanikanso, umange chotchinga, ukonze nyumba, uike mapaleti, ukumbe kadzenje kogwira madzi otayika. Kenako malamulo ndi maphunziro. Zovala zodzitetezera zili kumapeto kwenikweni. Kuno tinazitembenuza. Ukati chitetezo, bwana amaganiza za ovolosi ndi majombo, n'kujambulitsa antchito atavala, denga likudontha pamutu pawo.

Chodabwitsa n'chakuti pepala lophatikiza zonse zinayi lilipo kale, ndipo limayenera kubwera ndi mankhwala aliwonse ochokera kufakitale. Pachingerezi amalitcha safety data sheet, ndipo potsatira ndondomeko ya United Nations lili ndi zigawo 16. Chigawo 4 chimanena chithandizo choyamba munthu akamwa, akapuma kapena akathiridwa. Chigawo 5 chimanena chozimitsira moto wake. Chigawo 6 ndi cha zochita akatayika, 7 cha kasungidwe, 8 cha zovala, 13 cha katayidwe ka zotsala ndi zigubu. Pa zaka zisanu ndi chimodzi zija ndinaona mapepala amenewa kawiri kokha, m'Chingerezi chovuta, ali m'kabati ya ofesi. Likanakhala lomata pakhoma la chipinda chija, m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu, tikanadziwa kuti mankhwala otayika sakolopa ndi madzi. Umathirapo mchenga kapena dothi louma, n'kuwola ndi fosholo, n'kutsekera m'chigubu. Ndipo ndikanang'amba pepalalo n'kupita nalo kuchipatala.

Pali otsutsa amene ndimawamvera, chifukwa ali ndi mfundo. Iwo amati ukaphatikiza zinayizi, chimodzi chimameza zinzake, ndipo chomezacho chimakhala ubwino wa katundu, poti kumeneko n'kumene kuli ndalama. Kasitomala akagula feteleza wouma amabwera kudzakalipa pa kauntala. Mtsinje sukalipa, ndipo waganyu amaopa kuti mawa sadzamuitananso. Nkhawa imeneyi ndi yoona. Palinso ina yofanana nayo. Pa 23 Malichi 2005 malo oyengera mafuta a kampani ya BP ku Texas City, ku America, anaphulika, anthu 15 anafa ndipo pafupifupi 180 anavulala. Gulu lofufuza lotsogozedwa ndi James Baker linapeza mu 2007 kuti kampaniyo inkayang'ana kwambiri chiwerengero cha ngozi zing'onozing'ono, za kuterereka ndi kudzicheka, ndipo poona kuti chikutsika inkaganiza kuti zonse zili bwino, pamene zoopsa zazikulu za m'mapaipi ndi m'mathanki zinkakula. Ukasonkhanitsa zonse kukhala nambala imodzi yosangalatsa, ngozi imene imabwera kamodzi pa zaka makumi awiri imabisala kunsi kwake.

Yankho langa si kubwerera ku mafayilo anayi, pakuti ndinaona ndi maso anga zimene amachita. Buku likhale limodzi, koma tsamba loyamba likhale la zinthu zimene zingaphe munthu, ndipo tsamba limenelo lisafufutidwe ndi kukongola kwa masamba ena. M'sitolo mwathu zikanakhala zitatu kapena zinayi zokha: madzi kufika pa mankhwala, moto kufika pa feteleza, mapilitsi ofukizira chimanga a aluminium phosphide kugwidwa ndi chinyezi, botolo lopanda pepala kutuluka pakhomo. Ndipo munthu wosunga bukulo apatsidwe mphamvu yotseka chitseko ngakhale panja pali mzere wa alimi. Popanda mphamvu imeneyo, kuphatikiza kumangopepukitsa shelefu. M'mawa uja chofunika chinali munthu woti anene kuti lero sitigulitsa mpaka tikonze, ndipo bwana wamkulu amuikire kumbuyo.

Otsutsa ena amanena za mtengo, kuti satifiketi ya ISO ndi ya makampani akuluakulu okhala ndi ndalama zolipira oyendera. Pamenepa ndikuvomerezana nawo ndi mtima wonse, ndipo sindikupempha mwini kashopu ka pa Kampepuza kuti akagule satifiketi. Ndinalowapo m'maofesi okhala ndi mafelemu pakhoma, kuseri zigubu zikudontha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene ndikupempha ndi kaganizidwe kake, ndipo kameneko kamakwana m'kope la kusukulu.

Taganizirani amayi a banki m'khonde amene masiku ano akupanga sopo wamadzi ndi wa mtanda m'midzi yathu. Imeneyo ndi fakitale ya mankhwala, ngakhale ili pansi pa mtengo wa mango. Amagwiritsa ntchito caustic soda, amene akadonthera m'diso amatha kulichititsa khungu. Ndinakhalapo ndi gulu lina tsiku lophika. Ankayeza ndi kapu, wina modzaza, wina mosefukira. Sopo wa tsiku limenelo anatuluka waukali, ogula anabweza kuti akusupula manja. Caustic soda wopitirira muyezo yemweyo ndi amene anaotcha mkono wa mayi wotakasa, ndipo madzi otsukira ndowa anathiridwa pafupi ndi chitsime. Cholakwika chinali chimodzi, kapu m'malo mwa sikelo. Gulu lotere likagula kope n'kumalemba tsiku, kumene lagula caustic soda, kulemera kwake pa sikelo, amene wasakaniza, zimene anavala, kumene madzi otsukira atayidwa ndi madandaulo a ogula, ndiye kuti lili nayo kale ndondomeko imene makampani amalipirira mamiliyoni. Pa chikuto alembepo kuti caustic soda ndiye amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi pa caustic soda, ndiponso kuti sasakanizira m'poto wa aluminiyamu. Akasintha kogula, alembenso, chifukwa mphamvu ya katundu imasiyana, ndipo mavuto ambiri a ntchito ya mankhwala amalowera pamene china chasintha osauzana.

Makampani oitanitsa mankhwala kunja ali ndi gawo lalikulu. Bhopal itachitika, opanga mankhwala a ku Canada anayambitsa mu 1985 ndondomeko ya Responsible Care, imene pakati pa zina imati udindo wa wopanga umatsatira katundu wake mpaka kumapeto. Kumapeto kwa katunduyo ndi kuno. Tsiku la msika mupeza mankhwala opimidwa m'timabotolo ta zakumwa, opanda dzina, opanda mzere uja wofiira, wachikasu, wabuluu kapena wobiriwira wosonyeza ukali wake. Mlimi sagula chotero chifukwa cha umbuli. Munda wake ndi waung'ono, ndalama ndi zochepa, lita yathunthu sangaikwanitse. Koma kabotolo kameneko palibe angatsimikize kuti sikanasungunulidwe ndi madzi, mlimi sadziwa muyezo wothira m'sipuleya kapena masiku odikira asanathyole tomato, ndipo mwana akakapeza pawindo amayesa chakumwa. Kampani imene ingaike mankhwala m'timapaketi ting'onoting'ono tomata bwino, tolembedwa m'Chichewa, n'kumatolera zigubu zotha pa galimoto yomweyo yobweretsa katundu, idzateteza dzina la katundu wake ndi moyo wa ana pa ulendo umodzi. Pakadali pano zigubuzo zikutungira madzi ndi kusungira mchere, pamene zimayenera kutsukidwa katatu, madzi ake kuthiridwa m'sipuleya, kenako kubooledwa.

Ku boma nakonso ntchitoyi inagawidwa ndi malamulo osiyana. Unduna wa za Ntchito umayendera malo a ntchito potsatira Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997. Pesticides Control Board imayang'anira mankhwala a mbewu potsatira Pesticides Act ya 2000. Malawi Environment Protection Authority inabwera ndi Environment Management Act ya 2017. Malawi Bureau of Standards, imene inakhazikitsidwa mu 1972, imaona za miyezo ndi masikelo, ndipo khonsolo imapereka chilolezo cha bizinesi. Sindikunena kuti mabungwewa aphatikizidwe, pakuti lililonse lili ndi ukatswiri wake. Ndikupempha chinthu chochepa. Mu Seputembala kapena Okutobala, katundu wa nyengo akuyamba kufika ndipo mvula isanagwe, a DC a ku Ntcheu ndi a ku Dedza aitane oyendera onsewa akwere galimoto imodzi, ayende m'masitolo kuyambira pa Linthipe mpaka pa Bawi, ali ndi fomu imodzi. Mafuta a galimoto ndi ovuta, tonse tikudziwa, ndiye ulendo umodzi ndi wotchipa kuposa maulendo asanu. Mwini sitolo atseke tsiku limodzi m'malo mwa masiku asanu. Ndipo woyendera aliyense akaona chinthu chimene si cha ofesi yake, akhale ndi mzere pa fomuyo wochilembapo ndi dzina la mnzake amene achitsatire. Alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo a m'deralo akhale nawo, chifukwa ndiwo amaona kumene mabotolo amathera, ndipo chipatala chilichonse chaching'ono chizilandira mndandanda wa mankhwala amene akugulitsidwa m'dera lake chaka chimenecho.

Lata lija linasinthidwa sabata yomweyo, ntchito ya maola awiri. Mnyamata uja ndimakumana naye nthawi zina pa Lizulu, akusenza matumba a mbatata kukweza m'malole. Ndi bambo wa ana awiri tsopano. Amandilonjera bwinobwino, "Amalume, muli bwanji," ndipo sanandinenepo mawu oipa. Anandiuza kuti mpaka lero akadutsa pamunda pamene akupopera, mutu umamuwawa tsiku lonse, moti munda wake wa tomato amachita kulipira wina kuti amupopere. Ndalama ya mayendedwe ndi ya chakudya cha kuchipatala tinasonkha tokha antchito. Ku kampani sanalandire kanthu, chifukwa atafufuza m'mafayilo onse anayi, dzina lake silinapezekemo.